Mukufuna kukwera Phiri la Mulanje? Werengani izi musananyamuke

Chaka chilichonse mvula ikangokata, mafunso amayamba kubwera, ndipo amakhala omwewo. Achinyamata a ku mpingo akufuna kukacheza ku Dziwe la Nkhalamba, anzanga a ku ntchito akufuna kukajambulitsa pa Sapitwa, wina ali ndi mlendo wochokera ku Johannesburg amene akufuna kukagona m'phiri. Tipite liti, tinyamule chiyani, tikafikire kwa ndani? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye ndalemba pano kamodzi. Wondifunsanso ndidzangomutumizira zimenezi.

Ndineneretu kuti kukwera Mulanje si kovuta kwenikweni kwa munthu wathanzi amene anazolowera kuyenda pansi. Anthu amakumana ndi mavuto pa nkhani yobwerera, ndipo n'chifukwa chake ndatalikitsa gawo limenelo.

1. Sankhani ulendo wolingana ndi miyendo yanu

Mulanje ndi chimphiri chotambalala, chokhala ndi zidikha, mitsinje ndi nsonga zambiri. Anthu a kumeneko akati "pamwamba" amanena zidikhazo, monga Chambe, Lichenya ndi Thuchila, zimene zili pa mamita pafupifupi 2,000. Nsonga zimayambira pamenepo kupita m'mwamba, ndipo yaitali kuposa zonse m'Malawi muno ndi Sapitwa, ya mamita 3,002. Choncho munthu akakuuzani kuti anafika pamwamba, mufunseni kuti pamwamba pati.

Ngati ndinu gulu lalikulu, muli ndi ana kapena anthu achikulire, pitani ku Dziwe la Nkhalamba. Ndi mathithi a mtsinje wa Likhubula, ulendo wa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono kuchokera pa ofesi ya zankhalango ya pa Likhubula, m'munsi mwa phirili, ndipo mumabwerako tsiku lomwelo. Ngati mukufuna kulawa kugona m'phiri, kwerani ku Chambe, mugone usiku umodzi. Njira ya Skyline ndi yachidule koma yoimirira, imatenga maola atatu kapena anayi. Ya Chapaluka ndi yaitaliko koma yofatsa, imatsata mtsinje n'kudutsa kufupi ndi dziwe lija. Ambiri amakwera ndi Skyline n'kutsika ndi Chapaluka.

Sapitwa muipatse masiku atatu: loyamba kufika pa nyumba ya Chisepo imene ili m'munsi mwa nsongayo, lachiwiri kukwera ndi kubwerera pa Chisepo, lachitatu kutsika. Alipo amene amaipanikiza m'masiku awiri. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, musawatsanzire.

2. Sankhani mwezi

Nthawi yabwino ndi kuyambira May mpaka October, koma miyezi imeneyi si yofanana. Mu May kumakhala kobiriwira, mitsinje ili ndi madzi ambiri, ndipo kumwamba kumayera. June ndi July kumazizira koopsa, moti pamwamba udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Ndi nthawinso ya chiperoni, yomwe ndi nkhungu yozizira ya mvula yamawawa imene imabwera ndi mphepo ya kum'mwera chakum'mawa kuchokera ku Mozambique. Ikabwera imatha kukhazikika masiku angapo, ndipo m'phiri mnzanu amene ali mapazi khumi patsogolo simumuona. September ndi October kumatentha, timitsinje tina timaphwa, ndipo utsi wa moto wolusa umabisa malo amene munabwerera kudzaona.

Nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka March, Sapitwa isiyeni. Matanthwe amaterera, ndipo kamtsinje kamene mwadumpha m'mawa kamatha kukutsekerani njira madzulo, ngakhale pamene inu muli sipanagwe dontho, chifukwa mvulayo yagwa kumtunda. Palinso napolo, madzi osakanikirana ndi matope, miyala ndi mitengo amene amagumuka m'phiri n'kukokolola chilichonse. Anthu a ku Phalombe sanaiwale napolo wa mu 1991, ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 anagumulanso mbali zambiri za phirili. Njira zina zinasintha kuchokera pamenepo, kotero za munthu amene anakwera zaka khumi zapitazo muzimva ndi khutu limodzi.

3. Kafikidwe

Kuchokera ku Limbe kwerani minibasi ya ku Mulanje, kaya yodzera msewu wa Midima kapena wa ku Thyolo. Tsikirani pa Chitakale, musanafike pa boma. Pamenepo ndi pamene pamapatukira msewu wa ku Phalombe, ndipo Likhubula ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10. Kabaza wa njinga yamoto akufikitsani. Gulani zotsala zonse pa Chitakale, ndipo sinthiranitu ndalama kuti mukhale ndi zing'onozing'ono. M'phiri mulibe wokupatsani chenji.

Zipata zina ziliko, monga Fort Lister ku mbali ya Phalombe ndi ku minda ya tiyi ya Lujeri, koma woyamba kumene ayambire pa Likhubula. Ngati n'kotheka mugone pomwepo, kuti mudzayambe kuyenda dzuwa lisanakwere.

4. Lembetsani pa ofesi, tengani gaidi, ndipo mugwirizane zonse musanaponde phiri

Phirili ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira 1927. Pa ofesi ya zankhalango mumalipira yolowera ndi ya nyumba zogona, n'kulembetsa mayina, njira imene mudzere ndi tsiku lotsika. Musazembe zimenezi pofuna kupulumutsa kandalama. Mukapanda kutsika pa tsiku lake, buku limenelo ndi limene lidzauze anthu koyambira kukufunani.

Olondolera alendo, amene kumeneko amangoti magaidi, komanso onyamula katundu, ali ndi bungwe lawo ndipo amagwira ntchito mosinthana. Mukangotsika pa Chitakale ndi chikwama kumsana mudzazunguliridwa ndi anyamata, aliyense akuti ndi gaidi. Ena ndi oona, ena ayi. Ayankheni mwaulemu kuti mukakambirana pa ofesi. Mitengo yake imasintha, ndiye funsani pomwepo.

Musananyamuke gwirizanani masiku, malipiro a tsiku lililonse, ndi za chakudya: kodi adya nanu, kapena mumupatsiratu gawo la ndalama kuti agule chake? Katundu wa wonyamula mmodzi asapitirire makilo 18. Mukakhala oposa asanu ndi mmodzi ndipo mukupita ku Sapitwa, tengani magaidi awiri. Chifukwa chake muchiona pa nambala 7.

5. Zonyamula

Nsapato ndiye nkhani yaikulu. Zikhale zomanga ndi zingwe, zamano kunsi, ndiponso zoti mwayenda nazo kale. Nsapato yatsopano yogula dzulo pa kaunjika idzakutulutsani matuza musanafike theka la Skyline. Mudzaona anthu a kumeneko akuthamanga m'matanthwe ndi masilipasi kapena opanda nsapato n'komwe. Iwowo anakulira momwemo, ndipo ena mwa iwo ndi amene amapikisana pa mpikisano wa chaka ndi chaka wa onyamula katundu, wothamanga kukwera ndi kutsika phirili m'maola ochepa. Inu si iwo.

Pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Likhubula ili pansi pa mamita 1,000, ndiye werengani nokha mmene pa Sapitwa pakhalire, musanaonjezepo mphepo. Tengani juzi, jekete yosalowa madzi, chipewa chofunda, masokosi apadera ndi bulangeti kapena thumba logonamo. Jinzi isiyeni, ikanyowa imalemera ndipo siuma. Zovala zosinthira muzikulunge m'jumbo musanaziike m'chikwama.

Aliyense akhale ndi tochi yakeyake, osadalira ya pa foni. Foni imatha moto msanga kukazizira, ndipo netiweki imapezeka pena ndi pena. Chakudya: ufa kapena mpunga, usipa, soya, mchere, mafuta pang'ono, masamba a tiyi, shuga wokwanira, machesi. Zodya m'njira zikhale m'thumba lofikirika, monga mtedza, mbatata yophika, nthochi, buledi wopaka chiponde. Funsani gaidi ngati mukufunika kunyamula mapoto. Onjezani botolo la malita awiri, bandeji, pulasitala, panado, ndi mankhwala anu ngati muli ndi mphumu, shuga kapena BP. Gaidi mumuuziretu za matenda amenewo, si zochititsa manyazi.

6. Pokwera ndi pa nyumba zogona

Wochedwa kuposa onse ayende kumbuyo kwenikweni kwa gaidi, amphamvu atseke kumbuyo. Mukasiya anyamata othamanga kutsogolo, gulu limaduka pawiri pasanathe ola, ndipo wotsalira uja amadzikakamiza mpaka kukomoka. Yendani pa liwiro loti mukutha kucheza. Mukakumana ndi amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu, apatukireni ndinu, chifukwa iwo sangaime pamalo otsetsereka ndi katundu wotero.

Nyumba za m'phiri, monga Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu ndi Madzeka, zimayang'aniridwa ndi a zankhalango mothandizana ndi a Mountain Club of Malawi. Musayembekezere magetsi. Pali chipinda cha pamoto, malo oyala, chimbudzi chokumba panja, ndi mlonda. Mlondayo ndi amene adzakutungireni madzi m'ndowa, kukuwazirani nkhuni ndi kukusonkherani moto inu mukulephera ngakhale kumasula zingwe za nsapato. Mupatseni moni mwaulemu, "Mwaswera bwanji bambo," mugawireniko tiyi, ndipo pochoka musiyireni kangachepe. Chakudya chipachikeni m'mwamba chifukwa cha makoswe, ndipo panja musasiye chikwama chotsegula: makwangwala akuluakulu a m'phirimo amadziwa bwino kumene buledi amakhala.

Sopo asalowe mumtsinje. Madzi amenewo akumwa anthu a m'midzi ya m'munsi, ndipo ena mwa madzi a m'mipopi ya ku Blantyre amachokera ku Likhubula komweko.

Usiku pamoto mudzamva nkhani za mizimu ya m'phiri, za chakudya chimene munthu amachipeza chitakonzedwa panjira, choti adye yekha osaitana mnzake. Kaya mumakhulupirira kaya ayi, musaseke. Kwa Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao ozungulira phirili ndi malo olemekezeka, ndipo chimenechi ndi china mwa zimene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inaona poika Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025. Gaidi akati apa tisapange phokoso, khalani chete.

7. Ikani nthawi yobwerera, ndipo muisunge

Apa ndi pamene ambiri safotokoza. Njira ya ku Sapitwa kuchokera pa Chisepo si njira yoyenda chilili. Mumakwawa pa matanthwe otsetsereka, kudumpha pakati pa miyala ikuluikulu, pena kulowa pansi pa mwala chikwama mutachivula. Wamphamvu amatenga maola atatu kapena anayi kuti afike, ndipo kutsika kumatenga nthawi yofanana, pena kuposerapo, chifukwa miyendo yatopa. Amene amaganiza kuti pobwerera adzangotsetsereka ndi amene mdima umawapeza.

Werengani chonchi, usiku womwewo muli pamoto. Mu June ndi July dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira, ndipo ikamakwana 6 kwada. Mukufuna kukhala mutafika pa Chisepo maola awiri mdima usanagwe, kuti wina akabinya phazi mukhale ndi mpata. Ndiye kuti cha m'ma 3 koloko ndi theka mukhale muli pakhomo. Mukanyamuka 6 koloko m'mawa, theka la nthawi yanu limatha cha m'ma 11 koloko. Imeneyo ndiyo nthawi yobwerera. Ikakwana, kaya mwafika kaya simunafike, mumatembenuka. Mitambo nayo imakonda kuyamba kuunjikana pa nsonga dzuwa likakwera, ndiye kulawirira kumakuthandizani pawiri.

Kuwerengako n'kosavuta. Chovuta ndi anthu. Ikakwana 11 koloko padzapezeka wina wonena kuti, "Tatsala pang'ono, si apo pakuonekapo?" Kawirikawiri chimene akulozacho si nsonga yeniyeni, kuseri kwake kuli ina. Wina adzati, "Ine ndachokera ku Mzuzu, ndasonkha ndalama zanga, sindingabwerere opanda chithunzi." Ndipo amene watopa kwambiri adzakhala chete, chifukwa safuna kuti adzanenedwe kuti ndiye anaononga ulendo. Mukayamba kukambirana pamenepo, wopambana amakhala wa mawu okwera. N'chifukwa chake nkhaniyi imathera pa Chisepo usiku, aliyense avomereze ndi pakamwa pake, ndipo musankhe munthu mmodzi wosunga nthawi.

Tsono za gaidi. Anthu amati "timvera gaidi," koma amaiwala mmene ife timalankhulirana. Gaidi ndi mnyamata amene mwamulemba ntchito, akuyembekezera malipiro ndi kangachepe pamapeto, ndipo mwina amene akukakamira kupitirirayo ndi abusa, abwana a ku ofesi kapena munthu wa msinkhu wa bambo ake. Sadzanena kuti "ayi" poyera. Adzati, "Tikhoza kuyesa," kapena, "Mmene mukuonera inuyo bwana," uku akuyang'ana kumwamba kawirikawiri. Mawu amenewo ndi kukana. Kuti akuuzeni zoona, chitani ziwiri. Choyamba, muuzeni pa Likhubula pomwe, ena onse akumva, kuti malipiro ake sasintha kaya mufika pa Sapitwa kaya ayi. Chachiwiri, mukafuna maganizo ake mutengereni pambali, mufunse funso loti angayankhe mosachita mantha: "Achimwene, akanakhala abale anu awa, mukanapitiriza nawo?" Yankho limene akupatseni pamenepo ndi limene mutsate.

Pali zinthu zitatu zimene zimabweza gulu ngakhale nthawi isanakwane: nkhungu ikayamba kukwera kuchokera m'munsi, mvula ikanyowetsa matanthwe, kapena wina akayamba kusanza, kuchita chizungulire kapena kupunthwa pafupipafupi.

Wotopa asabwerere yekha, ndipo musamusiye pa mwala kuti "tikupezani pobwera." Munthu wokhala pansi pamphepo amazizidwa msanga kuposa woyenda, ndipo akaona kuti mwachedwa amayamba kutsika yekha n'kuphonya njira. Ngati muli ndi magaidi awiri, mmodzi atsike naye. Ngati gaidi ndi mmodzi, nonse mubwerere. Wamphamvu nayenso asaloledwe kuthamangira kutsogolo yekha. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anapita ku Sapitwa yekha ndipo sanapezeke mpaka lero. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anapitiriza ulendo wopanda gaidi, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha masabata.

8. Nkhungu ikakutsekerani

Imani pamodzi, muwerengane. Valani zofunda nthawi yomweyo, musadikire kuti muyambe kunjenjemera. Ngati gaidi akuona zizindikiro za njira, tsikani pang'onopang'ono, aliyense akuona msana wa mnzake. Ngati njira yasowa, musayese kutsata mtsinje poganiza kuti ukufikitsani kumudzi. Mitsinje ya Mulanje imatsika ndi mathithi pa maphompho. Pezani mwala wotchinga mphepo, khalani pa zikwama osati pa thanthwe lozizira, muunjikane, mudikire kuti kuyere.

Yang'aniranani. Munthu amene kuzizira kwamulowa m'thupi amanjenjemera kosaleka, amalankhula zolobodoka, amalephera kutseka zipi, kenako amangofuna kugona. Muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mumufunditse, anthu awiri amukumbatire. Ngati akutha kumeza mupatseni zotsekemera kapena tiyi wa shuga. Mowa ayi, ngakhale wina atulutse kabotolo n'kulumbira kuti umatenthetsa. Umangomupusitsa kuti wafundidwa pamene thupi likutaya kutentha.

9. Kutsika

Mangani nsapato mothina kuti zala zisamagunde kutsogolo. Pondani mapazi afupiafupi, mawondo opindika pang'ono, ndipo ndodo ikuthandizani kwambiri. Pa thanthwe lotsetsereka khalani pansi mutsike ndi matako, palibe amene akukujambulani. Mwala wakuda wonyezimira ndi wonyowa, ndipo udzu wouma wogona pa thanthwe umaterera kuposa mwalawo. Pamiyala siyanani mpata, kuti mwala umene wagubuduza wa kumbuyo usagwere wa kutsogolo. Ola lomaliza, pamene madenga a ku Likhubula ayamba kuoneka ndipo aliyense watulutsa foni, ndi pamene anthu amabinya mapazi.

Mukadzera ku Dziwe la Nkhalamba mudzafuna kudziponyamo. Madzi ake ndi ozizira kwambiri ndipo ndi akuya, anthu amirapo. Thupi lotentha ndi ulendo likalowa mwadzidzidzi m'madzi otero, mpweya umabanika ndipo miyendo imagwidwa. Pumani kaye, lowani pang'onopang'ono m'mbali. Wosadziwa kusambira aviike mapazi basi, ndipo amene mwabwera ndi ana, wamkulu mmodzi asachotse maso pa iwo ngakhale nthawi ya chakudya.

10. Mukafika pansi

Pitaninso pa ofesi mukanene kuti mwatsika nonse. Lipirani gaidi ndi onyamula katundu aliyense m'manja mwake, osapereka kwa mmodzi kuti akagawe. Zinyalala zanu, mabotolo, majumbo ndi zitini, mutsike nazo mpaka pa Chitakale.

Pa chipata mudzapeza ogulitsa timabokosi ndi ziboliboli zonunkhira bwino. Funsani mtengo umene asemera. Ngati ndi mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera m'phiri lokhali, dziwani kuti mitengo yake ikuluikulu inatha ndi macheka ndi moto, ndipo imene a Mulanje Mountain Conservation Trust akubzala pamodzi ndi anthu a m'midzi idzatenga zaka zambiri kuti ikule. Ine sindigula. Ngati mukufuna kusiya ndalama kwa anthu a kumeneko, gulani nanazi ndi nthochi za m'mbali mwa msewu, ndipo lembani nambala ya gaidi amene wakuyendetsani bwino kuti mudzapatse anzanu.